Kalembedwe ka nkhani ya mbava: yambirani pomwe kuba kwathera

Alembi ambiri ongoyamba kumene akafuna kulemba nkhani ya mbava, mphamvu zonse amathera pa usiku wakubawo. Masamba khumi amangofotokoza mmene anyamata adadulira loko, mmene galu adauwira, mmene mlonda adamumangira ndi lamba wake yemwe. Galimoto ikangonyamuka, nkhani nayo yatha mpweya, ndiye wolemba amabweretsa apolisi mothamanga n'kutseka ndi mawu oti fote inakwana. Owerenga amatsala ndi njala. Kuba kwenikweniko kumatenga mphindi zochepa chabe. Chimene chimatenga miyezi, mwinanso zaka, ndi kukhala ndi ndalama zoti sungazionetse, uli pamodzi ndi anthu oti sungawakhulupirire. Malangizo otsatirawa ndi a munthu wofuna kulemba nkhani yotere m'Chichewa, kaya yaifupi, kaya sewero la pawailesi, kaya buku lathunthu.

1. Sankhani chobedwa, kenako chiikeni pa sikelo

Musanaganize za dzina la munthu aliyense, dziwani chimene chabedwa komanso kulemera kwake. Pepala limodzi la ndalama limalemera pafupifupi galamu imodzi. Ngati mbava zanu zaba K200 miliyoni ya mapepala a K5,000, aja adatuluka mu 2022, ndiye kuti zanyamula mapepala 40,000, makilogalamu pafupifupi 40. Ikakhala ya ma K2,000, mapepala afika 100,000, kulemera kwa matumba awiri a chimanga. Munthu sangalumphe mpanda wa njerwa atanyamula zimenezo, ndipo sangazibise m'thumba la jekete. Masamu ochepawa akupatsani kale mafunso atatu: wanyamula ndani, zakwera chiyani, zikagona kuti.

Chobedwa chikakhala katundu, vuto limakula, ndipo nkhani imakomera pomwepo. Pa 26 November 1983, amuna asanu ndi mmodzi adalowa m'nyumba yosungiramo chuma ya kampani ya Brink's-Mat pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow ku London. Ankayembekeza kupeza ndalama, koma adapeza golide wolemera matani atatu, wa mtengo wa mapaundi pafupifupi 26 miliyoni. Golide sugulira mowa kapena kulipirira lendi. Padafunika omusungunula, omugulitsa, otembenuza ndalamazo kuti zioneke zoyera, ndipo aliyense wolowa m'dilu adabwera ndi pakamwa pake komanso dyera lake. Mu nkhani yanu mwina ndi mafoni, feteleza, mabelo a fodya kapena mankhwala a m'chipatala. Chilichonse chimene mwasankha, lembani pambali dzina la amene adzachigule, mtengo umene adalonjeza kuba kusanachitike, ndi mtengo umene adzanene akamva kuti apolisi ayamba kufufuza. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi mkangano wanu woyamba.

2. Pangani gulu laling'ono, aliyense ndi chomuthamangitsa

Anthu anayi kapena asanu akwana. Akapitirira apo owerenga amayamba kusokoneza mayina. Pokhala kuti izi ndi mbava zozolowera, zoti kuba ndiye ntchito yawo, musazilembe ngati zilombo zofiira maso. Zilembeni ngati amisiri: zimasunga nthawi, zimadana ndi phokoso, zimanyoza anyamata otsomphola zikwama mu depoti. Mkulu wa gulu akhoza kukhala bambo wa ulemu wake, wovala malaya osita, amene anthu a m'dera amangomudziwa ngati wogulitsa zipangizo za galimoto. Msinkhu nawo musaope kuusewera. Amuna amene adaboola khoma la konkire la chipinda chosungiramo chuma ku Hatton Garden, ku London komweko, pa tchuthi cha Pasaka mu 2015, ambiri adali okalamba, ndipo wamkulu mwa iwo, Brian Reader, adali ndi zaka 76 ndipo adakwera basi popita kukaba.

Tengani pepala, munthu aliyense mumulembere zinthu ziwiri zokha: ntchito yake pa tsikulo, ndi chimene akufunira ndalama, kuphatikizapo tsiku limene akuzifunira. Tsikulo ndiye lofunika kuposa zonse. Wina ali ndi katapila woti abweze pofika Lachisanu. Wina mwana wake amubweza kusukulu chifukwa cha fizi. Wina adalonjeza chibwenzi kuti apita naye ku Joni mwezi usanathe. Mkulu wa gulu yekha ndiye angathe kudikira chaka chathunthu osakhudza ngakhale tambala, n'chifukwa chake samvetsa anzakewo. Anthu onse akakhala odekha ngati iyeyo, nkhani palibe.

Musaiwale munthu wamkati. Kuba kwakukulu kawirikawiri kumakhala ndi wina wodziwa tsiku limene ndalama zimagona mu ofesi: mlonda, kalaliki, dalaivala wa kampani. Uyu si katswiri, sadagonepo m'chitokosi, ndipo ndiye woyamba kufunsidwa. Ku Brink's-Mat, mlonda amene adatsegulira mbava adali mlamu wa mmodzi wa atsogoleri a gululo, ndipo apolisi atangotulukira chibalecho sipadatenge nthawi kuti aulule. Kwathu kuno, kumene ntchito zambiri munthu amazimvera kwa mbale, mfundo iyi ndi yonona. Wopereka mnzake akakhala mlamu kapena mwana wa alongo ake, nkhani imachoka kupolisi n'kulowa m'banja, kufika mpaka kwa ankhoswe.

Pomaliza pa gawo lino, mkulu wa gulu apereke malamulo atatu. Mwachitsanzo: palibe kuimbirana foni, palibe kugula chinthu chatsopano mpaka mvula itagwa, palibe kuuza mkazi. Mndandanda wa mmene malamulowa adzaswekere, woyamba kuswa ndani ndipo chifukwa chiyani, ndiwo msana wa nkhani yanu yonse.

3. Kubako kulembeni mwachidule

Pa nkhani ya masamba makumi awiri, awiri kapena atatu akwana. Ena amangoyambira m'galimoto yothawira, kubako osakuonetsa n'komwe, ndipo zimatheka bwinobwino. Ngati mukuonetsa, sankhani maso a munthu mmodzi. Ine ndimakonda a dalaivala wodikira panja, chifukwa saona kanthu, amangomva, ndipo mphindi iliyonse yopitirira pa zimene adapangana imamutalikira.

Simukulemba buku lophunzitsa kuthyola nyumba, choncho za zipangizo ndi mawaya ingodutsanipo. Owerenga amakhulupirira kuti munthu ndi katswiri poona kudekha kwake, osati pomva mayina a zitsulo. Chofunika n'chakuti pasokonekere chinthu chimodzi, chimodzi chokha, chimene chidzawatsate mpaka kumapeto. Pa 8 August 1963, gulu la amuna pafupifupi 15 lidaimitsa sitima ya mtokoma yochokera ku Glasgow kupita ku London n'kutsitsa mapaundi 2.6 miliyoni. Mfuti sadanyamule, koma wina adamenya woyendetsa sitimayo, Jack Mills, ndi chitsulo m'mutu. Bamboyo sadapezenso bwino kwenikweni mpaka imfa yake mu 1970, ndipo kumenyako kudaipitsa mlandu wonse pamaso pa anthu ndi pa khoti. Mu nkhani yanu mwina mlonda wakomoka osadzukanso, mwina chovala kumaso chavuka, mwina wina waitana mnzake ndi dzina lake lenileni.

4. Jambulani masiku atatu oyamba, ola ndi ola

Apa ndi pofunika kukhalitsa. Tengani pepala lalikulu, mulembe mayina a anthu anu pamwamba, maola m'mbali, kuyambira pamene galimoto yanyamuka. M'bokosi lililonse lembani kumene munthuyo ali, chimene akudziwa, ndi chimene akuganiza kuti anzake akuchita. Zambiri mwa izi sizidzalowa mu nkhani, koma zidzakutetezani ku zolakwika zoti munthu ali ku Mchinji ndi ku Limbe nthawi imodzi, komanso zidzakuonetsani mipata pamene wina adatsala yekha ndi chikwama.

Mbava zenizeni zimagwa pa ntchito zonyozeka za pambuyo, zija aliyense amaganiza kuti achita mnzake. Gulu la sitima lija lidakabisala pa famu ya Leatherslade, pomwe lidataya nthawi likusewera masewera a pa tebulo otchedwa Monopoly. Amene adayenera kuyeretsa pamalopo sadachite, ndipo apolisi atafika patangotha masiku asanu adapeza zidindo za zala pa masewerawo ndi pa ziwiya zina. Ku New York, mu December 1978, mbava zidaba ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni pa malo a katundu a kampani ya ndege ya Lufthansa. Munthu amene adatumidwa kukaphwanyitsa galimoto yothawira adakaiimika pamalo oletsedwa pafupi ndi kwa chibwenzi chake. Pakadafunda padajiwitsa galu: apolisi adaipeza galimotoyo, iye adaphedwa patangopita masiku ochepa, ndipo m'miyezi yotsatira ena angapo okhudzidwa ndi kubako adaphedwanso kapena kusowa.

Tsono bweretsani zimenezi kumene nkhani yanu ikuchitikira. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi munthu sangalowe ndi chikwama cholemera 3 koloko m'bandakucha popanda womuona. Alandilodi amamva chitseko. A chitetezo cha m'dera amakhala ali pa mphambano. Wakabaza amakumbukira amene adamupatsa K5,000 osadikira chenje. Amayi a pa kiyosiki ya madzi pofika 7 koloko amakhala atadziwa kale kuti uje sadagone pakhomo. Kumudzi ndiye kovutirapo, chifukwa mlendo aliyense amafunsidwa kuti ndi wa kwa yani, ndipo amfumu amayenera kudziwa. Mbava yanu ilinso ndi mantha ena oposa apolisi: gulu la anthu okwiya likaigwira, mwina kupolisiko sikafikako. Mantha amenewa aziyenda nayo paliponse.

5. Lembani tsiku logawana ngati kuti ndilo kuba kwenikweni

Gawo ili lipatseni malo ambiri kuposa lina lililonse. Anthu onse ali m'chipinda chimodzi, atopa, sadasambe, ndipo kwa nthawi yoyamba mdani sali kunja. Njira yodalirika yoyatsira moto ndi yakuti ndalama zipezeke zochepa kusiyana ndi zimene zalengezedwa. Taonani kachitsanzo aka:

Mkulu uja adayala chitenje pansi n'kukhuthula chikwama. Adawerenga kawiri, akunyowetsa chala ndi malovu, mipukutu akuiika m'milu isanu.

"Zilipo 140."

"Pawailesi anena 200," adatero dalaivala, maso ali kuchitseko.

"Awailesiwo analipo?"

Palibe adaseka. Panja mwana wina ankagubuduza mkombero wa njinga.

"Alamu, kodi chikwamachi dzulo chinagona kwa ndani?"

"Mukufuna kunena chiyani, achimwene?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndangofunsa."

Onani kuti palibe amene watukwana kapena kutulutsa chikwanje. Ulemu ukadalipo, "alamu" ndi "achimwene" akadali pakamwa, koma owerenga amva kale kuti zinthu zavunda. Anthu athu akakwiya zenizeni nthawi zambiri ulemu umawonjezeka, ndipo tsiku limene wamng'ono adzanene kuti "iwe" kwa mkulu wa gulu likhale tsiku loti mwalisungira dala.

Inu wolemba muyenera kudziwa kumene K60 miliyoni yapita, ngakhale owerenga muwabisire mpaka kumapeto. Mwina wina wa m'gulu adapatula. Mwina bwana wa kampani yoberedwayo adali atadya kale ndalamazo, ndiye kuba kwamupatsa pobisalira, wangowonjezera nambala pouza apolisi. Yachiwiriyi ndimaikonda chifukwa mbava zimayamba kudyana pa ndalama zoti sizidazigwirepo, pamene wakuba wina ali mu ofesi, atavala tayi, akulandira mawu a chipepeso.

6. Ndalama ziyambe kununkha

Ndalama zobisa sizikhala chete. Poyamba zizituluka pang'onopang'ono: nkhuku pakati pa sabata, ngongole ya pa okala yabwezedwa yonse kamodzi, foni yatsopano. Kenako malata, kenako njinga yamoto. Mmodzi wa atsogoleri a Brink's-Mat adachoka m'nyumba wamba n'kukalowa m'chinyumba chachikulu, agalu ake awiri n'kuwatcha mayina oti Brinks ndi Mat. Akuluakulu a ku Hatton Garden adagwidwa mwezi wotsatira, mmodzi atayendera galimoto yakeyake ya Mercedes yoyera imene makamera a mumsewu adaijambula, ndipo apolisi atatchera zomvetsera m'galimoto zawo adawamva akudzitama okha. Munthu amene wachita chinthu chachikulu m'moyo mwake amafuna wina adziwe. Mupatseni womuuza: mnzake wa pa bawo, mkazi wa kumowa, m'busa.

Kwathu ndalama zili ndi eni ake ambiri. Maliro akagwa kumudzi, amene akuoneka kuti zikumuyendera ndiye amayembekezeka kugula bokosi ndi kulipira galimoto. Akakana, abale adabwa; akavomera, adabwanso. Mkazi wake amene wakhala akugula makala a tsiku limodzilimodzi waona thumba lathunthu lafika, ndipo safunsa, koma kusafunsako kulembeni, chifukwa kuyambira tsikulo nayenso walowa mu mlandu. Ngati wina wa gulu adapita kwa sing'anga kukatenga chithumwa choti asagwidwe, kumbukirani kuti sing'angayo ndi munthu winanso wodziwa, ndipo akhoza kufuna gawo lake. Za mankhwalazo musaweruze ngati zimagwira ntchito kapena ayi. Onetsani chabe mmene munthu wozikhulupirira amasiyira kusamala.

Woberedwa naye musamutaye. Mlonda amene mbava zidamumanga ndi lamba uja mawa lake ndiye woyamba kutsekeredwa, ntchito yatha, ana ali ndi njala. Antchito a pakampani malipiro achedwa. Ndime ziwiri kapena zitatu za anthu amenewa zimaletsa nkhani kusanduka nyimbo yotamanda akuba, popanda inu kukwera pa guwa.

7. Za apolisi ndi khoti zikhale zoona

Apa alembi ambiri amangokopera za m'mafilimu akunja, wapolisi wovala jasi lalitali akuyankhula ngati wa ku Chicago. Pitani ku khoti la majisitireti la m'dera lanu, mukakhale kumbuyo m'mawa umodzi. Milandu yambiri anthu amaloledwa kumvera. Mukamva mmene mlandu amauwerengera, mmene womasulira amatembenuzira mawu, mmene wozengedwa amapemphera kuti amuchepetsere chilango ponena za ana ndi makolo okalamba. Malamulo aakulu a dziko la Malawi amati munthu womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo mawu ngati belo, limandi, mboni ya boma ndi kupezeka ndi katundu wakuba muwagwiritse ntchito pamalo pake. Wa ku Lilongwe akadikirira mlandu ku Maula, wa ku Blantyre ku Chichiri. Wapolisi wanu akhale munthu wa milandu khumi pa tebulo, amene amadziwa kuti chida chake chachikulu ndi kudikira kuti wina wa gululo atope, akhumudwe kapena aledzere.

Wothawira kunja mumuganizire njira yeniyeni, kaya ya ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Songwe, ndipo mukumbuke kuti makwacha akawoloka malire amafunika wosintha, amenenso adula pake.

8. Sankhani mathero musanalembe chiganizo choyamba

Kugwidwa kwa onse si mathero okhawo, ndipo nthawi zambiri ndi ofooka kuposa ena. Ronnie Biggs, mmodzi wa mbava za sitima zija, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 30, adathawa ku ndende ya Wandsworth mu 1965, adakhala ku Australia kenako ku Brazil, koma mu 2001 adabwerera mwa kufuna kwake ku England ali wodwala, n'kukalowanso m'ndende. Ndalama zambiri za sitimayo sizidapezeke. Moyo ngati umenewu ukupatsani mathero angapo oti musankhepo: wopulumuka amene sangabwerere kwawo ngakhale pa maliro a mayi ake, wotuluka m'ndende amene akupeza kuti womusungira gawo lake adamangira nyumba ya lendi, wosagwidwa amene ndalama zake zidaola ndi chinyontho pansi pa khola la nkhumba. Chimene mwasankhacho chichokere pa lamulo limene lidasweka koyambirira kuja, osati pa ngozi ya galimoto yongobwera mwadzidzidzi pa tsamba lomaliza.

Mukamaliza kulemba koyamba, isiyeni nkhaniyo sabata imodzi. Pobwerera, werengani mokweza zokambirana zonse, ndipo paliponse pamene munthu wayankhula chiganizo choti simudamvepo pa minibasi kapena pa msika, chiphwanyeni. Chotsaninso ndime zonse zimene inu wolemba mukufotokozera owerenga kuti kuba n'koipa. Kenako tengani cholembera mutsate ndalama kuyambira tsamba loyamba: zidabedwa zingati, wogula katundu adadula zingati, aliyense adalandira zingati, adawononga zingati, apolisi adapeza zingati, zatsala kuti. Nambala zikakana kugwirizana, bwererani pa pepala la maola lija mupeze bokosi limene chikwama chidakhala ndi munthu mmodzi, ndipo mukonze kuyambira pamenepo.